Mpando wa kuphiri pakhonde la aneba

Aneba athu ku South Bend, ku America, bambo opuma ntchito ya unesi, sakhazikika. Pano akuchotsa chipale chofewa ndi fosholo, pano akukhoma mpanda, uku akudandaula za alendo olonjera ali chiimire. "Moni woimirira ndi wa pamsika," amatero.

Atamva kuti kuphiri lochitira masewera otsetsereka pachipale ku Michigan akusintha mipando yolendewera pachingwe yokwezera anthu mpaka pamwamba pa phiri, anakagula wakale umodzi n'kuupachika pakhonde.

Mwana wawo Chawezi anatulukira kuchokera ku Indianapolis patatha miyezi osaoneka, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Adadi, ndangodutsa, shifiti ikundidikira."

"Takhala kaye."

Atangokhala, bambowo anakhala pambali pake n'kutsitsa chitsulo chotchinga pamiyendo.

"Pampando uwu munthu satsikira panjira, mwanawe. Yamba, adzukulu anga ali bwanji?"