Kabotolo Kamene Ndidakana Kulandira

Chaka chimene amalume adapuma pa ntchito ya upolisi n'kubwerera kumudzi kwathu ku Kanyenda, ine ndidali nditakhoza mayeso a Fomu 2, ndipo ndinkathandiza amayi m'munda wa mpunga kudambo podikira kuti moyo undionetse kolowera. Amalumewo adabwera ndi akazi awo, mabokosi achitsulo, wailesi, ndiponso mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga. Tidali a msinkhu umodzi, koma tidali tisanakhalepo limodzi kupatula pa maliro. Iye adakulira m'malaini a apolisi, m'matauni a kumtunda kumene bambo ake ankawasamutsira. Madzi amene ankawadziwa adali a pampopi. Nyanja ankaiopa, ndipo ngakhale kudambo sankapondako.

Nsanje yanga idayambira pa nsapato zake. Sikuti zidali zatsopano ayi, koma ankadziwa kuziwalitsa ndi kansalu ndi malovu mpaka munthu n'kudziona nkhope. Ankadziwa maudindo onse a apolisi pongoona paphewa. Ankadziwanso tanthauzo la kulira kulikonse kwa lipenga, ndipo ankakuyerekeza ndi pakamwa atsikana akamachokera kuchitsime. Zonsezi sadazivutikire. Adangobadwiramo, monga mmene ine ndidabadwira m'bango ndi m'matope.

Wailesi italengeza kuti kudzakhala kulemba anyamata ntchito ya upolisi ku boma, amalume adatiitana tonse awiri. Adati monga mwini mbumba sangaphunzitse mwana wawo n'kusiya mwana wa mlongo wawo. Kwa ine nkhaniyi idali yaikulu kuposa kwa msuweni wanga. Bambo adali atamwalira, ndipo njira ina yochokera m'dambo sindinkaiona. Ndidatsimikiza mumtima kuti malowo ndiwapeza, ndiponso kuti ndiwapeza ndili patsogolo pa iye.

Tinkakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, dzuwa likayamba kutentha ndipo ine nditaweruka kumunda. Amalume ankakhala pampando, ndodo yawo ili pamiyendo, ife titaimirira njo. Mafunso ankawatulutsa m'mutu. Ena adali a m'masiku awo, ena ankawatola kwa apolisi achinyamata akapita ku boma. Padali masamu, kulembetsa mawu a Chingelezi, maina a maboma ndi mitsinje, ngodya zinayi za chipani zimene aliyense m'masiku amenewo ankayenera kuzitchula mosajejema, ndi mafunso a zaumoyo. Amene ankandikoma kwambiri adali a milandu.

“Mphwanga,” ankatero akundiloza ndi ndodo, “munthu wathyola chitseko cha nyumba masana, mnzake wathyola usiku. Mlandu wawo ndi umodzi?”

“Ayi, amalume. Wa usikuyo ndi wokulirapo.”

“Chifukwa?”

“Chifukwa eni nyumba amakhala ali m'tulo, sangathe kudziteteza.”

Ankagwedeza mutu n'kutembenukira kwa mwana wawo. Tsiku lina adamuuza kuti atchule maboma a m'chigawo cha kumpoto, iye n'kuyamba ndi Kasungu. Amalume adamenya ndodo pansi mpaka fumbi koboo.

“Asuweni,” ndidatero ine, “mudazungulira dziko lonse pa lole ya boma, koma maso mudawatsekera m'bokosi limodzi ndi mapoto?”

“Iwe katumbu, khala chete,” adayankha msuweni wanga. “Yunifomu yako idzanunkha usipa. Akuba azidzakumva ukadali kutsidya kwa msika.”

Amalume ankayesa kubisa kuseka. Chisuweni chimalola zoterezi, ndipo palibe amene amayenera kukwiya nazo. Komabe ndidazindikira kuti ndikayankha bwino iwo ankangogwedeza mutu, pamene mwana wawo akalakwa ankabwereza funsolo modekha mpaka alimvetse. Lero ndikudziwa kuti mphunzitsi aliyense amatero ndi wophunzira wotsalira. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ine ndikulipidwa ndi mutu, iye ndi mtima.

Kupatula mafunso, padali za thupi. Amalume adali ndi chingwe chokhala ndi mfundo, choyezera chifuwa. Cha msuweni wanga chidafika pa mfundoyo mosavuta. Changa chidaperewera pang'ono. Adandilangiza kuti ndizipalasa bwato ndi kuthandiza asodzi kukoka khoka, chifukwa palibe ntchito yotambasula chifuwa kuposa imeneyo. Ndidamvera. Mmawa uliwonse, ndisanapite kumunda, ndinkayamba ndapita kumene mtsinje umathirira m'nyanja, malo a bango ndi madzi odekha, n'kumakankha mabwato madzi ali m'chiuno. Msuweni wanga adakana kuyandikirako. Iye ankathamanga pamsewu wopita ku Dwangwa, malaya atavula, anthu opita ku minda ya nzimbe akumuimbira mluzu. Tsiku limene chifuwa changa chidafika pa mfundo ija ndidayenda ngati ndavala kale lamba wa boma.

Pano ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi chimene wokulira kutali ndi nyanja sangachimvetse msanga. Kwathu mnyamata akayamba kuona magazi potaya madzi, palibe amene ankadabwa. Akuluakulu ankati wakula. Tonse tidadutsamo, ndipo amene ankachedwa tinkamuseka kuti akadali mwana. Kwa ine pa nthawiyi zidali zitachepa, kumangotsala kadontho kamodzi pomaliza, makamaka ndikathamanga. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa mafunso a amalume padali lonena za likodzo. Ndinkaliyankha bwino lomwe: limafala kudzera mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo chizindikiro chake ndi magazi. Yankho limeneli linkakhala m'chipinda chimodzi cha mutu wanga, pamene kadontho kaja kankakhala m'chipinda china, ndipo pakati pake padalibe khomo. Likodzo lidali matenda a m'buku. Changa chidali kukula basi.

Mayeso olemba adachitikira m'holo ya sukulu ina ku boma. Mafunso ambiri adafanana ndi a pansi pa mango aja, kotero kuti ndidamaliza ena akadaluma mapensulo. Poitana maina a okhoza, langa lidamveka koyambirira. La msuweni wanga lidamveka chakumapeto, iye atayamba kale kutuluka thukuta. Ndidamusisita paphewa n'kumuuza kuti asadandaule, kupolisi kumafunikanso anthu otsegula geti. Kuthamanga tidapambana tonse. Pa muyeso wa msinkhu ndi chifuwa tidadutsanso. Kudatsala kuchipatala, kumene amalume adati n'kongotaya nthawi, poti adokotala amangoyang'ana mano, maso ndi mapazi.

Mmawa mwake tidandandalikana kuseri kwa chipatala, ndipo wantchito wina adagawira aliyense kabotolo kolembedwa nambala, n'kutilozera kuchimbudzi. Kutsogolo kwathu kudali mnyamata wa ku Dwambazi amene adayesapo kale ulendo wina. Iyeyo ndiye adatiuza monong'ona kuti kabotoloko ndiko kadamubweza.

“Amakaika pa makina oonera tizilombo,” adatero. “Akapeza mazira a likodzo, basi, bwerera kwanu ukadye chinangwa. Ife a kunyanja timathera pompano.”

Msuweni wanga adandiyang'ana. Ankadziwa za kadontho kaja, chifukwa adandisekapo nako kuthengo. Adandikokera pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kumudzi adandilankhula nkhope ili yosaseka.

“Msuweni, tamvera. Bwera nako kabotolo kako kuseri kwa mpandawu. Ine ndamwa tiyi wambiri mmawa uno, ndikwanitsa tonse tiwiri. Palibe amene akuyang'ana.”

Ndidaima kabotolo kali m'manja. Ndikukhulupirira kuti akadalekera pomwepo ndikadamutsatira. Koma msuweni ndi msuweni. Ataona kuti ndikukayika adamwetulira, kuti andipeputse mtima mwina, n'kuwonjezera kuti, “Ndiye ukadzakhala insipekitala uzidzakumbukira kuti udalowa ndi madzi a yani.”

“Sungani madzi anuwo, asuweni,” ndidayankha. “Mudzawafuna pochapa geti.”

Ndaganizira kwa zaka zambiri chifukwa chimene ndidakanira. Amayi, amene ndidawauza okha nkhaniyi patapita nthawi, adati ndidachita bwino posayamba ntchito ya chilungamo ndi chinyengo, ndipo ndidawalola kuti aganize choncho. Zoona zake n'zakuti za chilungamo sizidandifikire m'mutu mmawa umenewo. Mbali ina, sindidakhulupirire mnyamata wa ku Dwambazi uja. Nditadzaza kabotolo kanga ndidakayang'ana padzuwa, ndipo kadali koyera ngati ka wina aliyense. Koma chachikulu chidali chakuti ndidaona moyo wanga wonse uli patsogolo panga: pa ukwati uliwonse, pa maliro alionse a pabanja, msuweni wanga akunong'oneza anthu nthabwala imeneyi, ine nditavala yunifomu, osatha kumuletsa chifukwa mwambo umamulola. Ndidali nditamuposa pa pepala pamaso pa anthu onse. Sindikadapirira kuti chigonjetso chimenecho chikhale pansi pa kabotolo kake.

Masana sajeni adawerenga maina a opita kukaphunzira. La msuweni wanga lidalipo. Ife otsala, ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, adatitumiza kwa wothandiza adokotala, amene adatiuza mwaulemu kuti tili ndi likodzo, tilandire mankhwala, tidzayesenso ulendo wina. Atafika pa ine adayang'ana pepala n'kunena kuti mazira adali ochuluka, ngati a munthu amene wakhala akulowa m'madzi tsiku ndi tsiku posachedwapa. Pamenepo ndidazindikira kuti chifuwa chimene ndidachikulitsa m'bango muja ndidachigula ndi malo angawo.

Pobwerera pa basi msuweni wanga sadanene nthabwala ngakhale imodzi. Adandigulira nthochi pa siteji ina, ndipo ndidazidya chifukwa kukana kukadaonetsa zambiri. Kufika kumudzi, amalume adamva za likodzolo ali chiimire.

“Nanga osanena bwanji, mphwanga?”

“Ndikadanena chiyani, amalume? Kodi si tonse kuno?”

Iwonso adakulira m'madzi omwewo. “M'masiku athu kudalibe timabotolo,” adatero potsiriza, n'kulowa m'nyumba.

Sabata imene msuweni wanga ankakonzekera ulendo, ine ndidali chigonere pamphasa, mutu ukuzungulira ndi mankhwala. Kuchokera pamenepo ndinkamva zonse za kunyumba kwa amalume: nkhuku zikuphedwa, azimayi a ku tchalitchi akubwera kudzamupempherera, amalume akumuphunzitsa kupinda bulangete mwa chipolisi. Amayi anga enieni adamuphikira mpunga wa m'munda umene ndidalima ine. Sindidawaletse, poti adali mwana wa mlongo wawo. Ndidangotembenukira kukhoma. Za kuseri kwa mpanda kuja msuweni wanga sadauze munthu, ngakhale bambo ake, ndipo sadazitchulenso kwa ine mpaka lero. Ndikadakonda akadazilengeza pabwalo, kuti ndipeze pomudera. Kukhala chete kwakeko kudandisiya ndi nsanje yopanda pogwira.

Adabwera pa tchuthi choyamba atavala yunifomu. Lamulungu ku tchalitchi anthu adamuzungulira, ndipo agogo ena amene ankanditcha mphunzitsi chifukwa cha kukhoza kwanga adandipempha kuti ndisunthe pang'ono, amuone bwino. Ndidasuntha. Ndidayang'anitsitsa yunifomuyo kufuna cholakwika, batani lomasuka kapena khwinya, koma sindidapeze.

Wailesi italengezanso za kulemba apolisi, ndidali nditachira. Amalume adabwera okha kunyumba kwathu, ndodo ili m'manja, n'kukhala pakhonde.

“Mphwanga, mawa tiyambenso. Ulendo uno palibe chokubweza. Mafunso ukuwadziwa kuposa ine.”

Ndidali nditaganizira kale zimenezi, monga mmene ndimaganizira chilichonse, poyala zotsatira zake chimodzichimodzi. Kupolisi amene adalowa poyamba amakhala patsogolo. Nambala yake imakhala yaing'ono, ndipo pokweza maudindo amayamba kuyang'ana iye. Ndikadalowa, ndikadayenda pambuyo pa msuweni wanga mpaka kupuma ntchito, ndipo tsiku lina ndikadayenera kuima njo pamaso pake, dzanja lili pachipumi. Ndidawauza amalume kuti ndapeza malo obwerera kusukulu, kuti ndikamalize Fomu 4 ndi kuyesa za ulimi. Zidali zoona, ndipo njira imeneyo ndiyo idandifikitsa pa dipuloma imene ndadyera moyo wanga wonse. Amalume adandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira anthu okayikitsa pa ntchito yawo.

“Ndi sukulu yokha?” adafunsa.

“Ndi sukulu yokha, amalume.”

Adadzuka, nasasa fumbi pa buluku lawo, n'kunena kuti akauza mwana wawo m'kalata yotsatira, chifukwa iye ndiye ankafunsa kawirikawiri ngati ndidzabwere.