Galimoto Yodzuka ndi Tikuoneni Maria

Don Nicanor Antilef ayendetsa galimoto ya hayala m'tauni yathu kwa zaka makumi atatu, ndipo galimotoyo ndi imodzimodzi: yadizilo, yomwe kale inali yoyera, chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya. Anakulira m'mafamu a kuno ku Chubut, anameta nkhosa mpaka msana unakana, ndiye anagula galimoto. M'tchalitchi anali atalowamo katatu kokha: pobatizidwa, pokwatira, ndi tsiku lina pothawa matalala.

Koma funsani mayi aliyense wa mumsewu wawo, akuuzani kuti Don Nicanor ndi munthu wa Mulungu.

Zinayamba chonchi. Injini ya dizilo ikagona panja mu Julaye, chisanu chitaumitsa ndi madzi a m'mipope omwe, siidzuka ndi kiyi yekha. Ili ndi mapulagi anayi otenthetsa m'kati mwake. Umapotoza kiyi pang'ono, n'kumugwira pomwepo mpaka mapulagi afiire, kenako n'kuliza. Ukafulumira, injini imangotsokomola utsi woyera. Kanyale kachikasu ka pa dashibodi ndiko kamakuuza kuti zapsa, liza. Tsono kanyale ka Don Nicanor kanafa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo wotchi alibe. Atayesa kuwerenga manambala n'kumasokonezeka, anakumbukira pemphero lomwe amayi awo anawalowetsa m'mutu ndi lamba. Anapeza kuti Tikuoneni Maria awiri, onenedwa mosathamanga, ndiwo muyeso wake weniweni. Kukazizira kwambiri, atatu.

M'mawa wina akazi awo, Doña Hortensia, anasuzumira pawindo la kukhitchini n'kuona amuna awo atawerama m'galimoto, milomo ikuyenda. Mayiwa anali atapempherera zimenezi zaka makumi awiri. Amawaitana amuna awo kuti viejo, nkhalamba, kuyambira onse ali ndi mano okwanira, koma tsikulo analitchula dzinalo misozi ili lengelenge.

"Viejo! Bwanji sunandiuze?"

Don Nicanor anatsegula pakamwa kuti afotokoze za kanyale. Anaona patebulo pali mandasi otentha, tiyi wawo wa yerba ali kale m'chikho, ndipo palibe amene akunena za moto wa kugehena. Anatseka pakamwa. Kuyambira pamenepo phokoso la Lamulungu m'mawa lowakakamiza kupita kutchalitchi linatha. "Wanga amapemphera payekha," Doña Hortensia ankauza amayi anzawo. "Sakonda kuonekera."

Vuto la mapulagi ndi loti safera limodzi. Chisanu cha chaka chino chitangoyamba, imodzi inafa, mapemphero anakwera kufika pa asanu. Yachiwiri itafa, anafika pa asanu ndi awiri. Pofika mu Julaye ankapotoza kiyi kawiri katatu, utsi woyera uli tolo mumsewu monse, galimoto ikunjenjemera ngati galu wonyowa. Amayi a m'nyumba zoyandikana ankawerenga milomo yawo kuseri kwa makatani.

"Lero afika khumi, amwali!"

"Munthu uja akuyera tsiku ndi tsiku."

Ndiye Lachitatu lina Doña Hortensia anabwera kuchokera ku msonkhano wa kutchalitchi akupuma mwabefu. Pa 16 Julaye, tsiku la Amayi Maria a ku Karimeli, chiboliboli chawo chimazungulira tauni yonse chili padenga la galimoto. Chaka chino amayi anagwirizana kuti palibe galimoto ina yoyenera.

"Asankha yathu, viejo! Ikagona kutchalitchi kuti tiiveke maluwa. M'mawa udzailiza pamaso pa anthu onse."

Don Nicanor anameza yerba wawo ngati mwala. Galimoto ikakana kulira pamaso pa tauni yonse, Hortensia adzayenda bwanji mumsewu? Ndipo wina akangotsegula boneti, mtendere wa zaka khumi ndi chimodzi udzathera pomwepo.

M'mawa mwake anapita kwa Evaristo, makaniko wa kuseri kwa sikelo ya ubweya, yemwe anaimira ubatizo wa mwana wawo woyamba, n'chifukwa chake amaitanana kuti compadre.

"Eee, woyera mtima wafika!" anatero Evaristo, akuvula chipewa. "Ndigwade, compadre, kapena nditsegule boneti?"

"Tsegula boneti, tseka pakamwa."

Evaristo anamasula mapulagi onse anayi n'kuwayala pabenchi. Anatenga batire ndi mawaya awiri, n'kumagunditsa imodziimodzi. Pulagi yamoyo imafiira kunsonga ngati khala. Yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu inali itatupa ngati chala cholumidwa ndi njuchi. Yachinayi yokha ndiyo inafiira, nayonso mwamanyazi.

"Mwezi wonsewu wakhala ukuyendera pulagi imodzi ndi pakamwa," anatero Evaristo. "Mwina amayi aja akunena zoona."

Anaika zatsopano zinayi, koma nkhope yake inasintha. "Tamvera bwino, iwe mutu wa nkhosa. Zakale zija zinasiya kupangidwa. Izi n'zachangu. Masekondi asanu ndi awiri basi. Ukagwira kiyi nthawi ya mapemphero ako khumi, zonse zinayi zipsa, ndipo zina ndilibe. Kababu ka kanyale nako kulibe, mpaka ndikaitanitse kumzinda wa Trelew."

"Masekondi asanu ndi awiri m'pemphero ndi pati?"

Anayesa. Evaristo atagwira wotchi, Don Nicanor akupemphera pakati pa matayala akutha. Zinathera pa "ndinu odala mwa akazi onse."

"Zosavuta," anatero Don Nicanor. "Ndidzapemphera asanu ndi anayi dzanja lili pa kiyi osapotoza. Ndidzapotoza pa lomaliza. Adzadziwa ndani?"

Tsiku la chikondwerero kunacha kuli mbuu. Maluwa apepala anali ataumira pa galimoto, chiboliboli chitamangidwa padenga ndi zingwe zinayi. Oimba malipenga ankapumira m'manja. Padre Anselmo, wansembe wachinyamata wochokera kumzinda, anaima pafupi ndi windo la dalaivala. Kumbuyo kunakhala amayi atatu a komiti, kutsogolo Doña Hortensia atavala jasi ya paukwati wa mwana wawo.

Don Nicanor anaika dzanja pa kiyi n'kuwerama. Pomwepo dzanja lina linagwira pamwamba pa lawo. Doña Hortensia akanda mtanda wa buledi moyo wawo wonse, ndipo dzanja lawo silimva zokambirana.

"Waiwala kupotoza, viejo, ndi mantha," ananong'ona mwachikondi, n'kupotoza kiyi. "Lero tipemphera limodzi, onse khumi."

"Tikuoneni Maria," anayamba amayi akumbuyo, gulu lonse n'kulandira.

Thukuta linatuluka pamphumi pa Don Nicanor pa chisanu choterocho. Kutsidya kwa galasi anaona Evaristo akugogoda wotchi yake ndi chala, maso atatuzuka. Akadikira, mapulagi apsa, ndipo Amayi Maria adzazungulira tauni mokankhidwa. Akaliza, adula pemphero pakati, pamaso pa wansembe, ndipo Hortensia adzafunsa funso lomwe sanafunse zaka zonsezi.

"...ndinu odala mwa akazi onse..."

Anatsinzina n'kupotoza kiyi mpaka kumapeto, dzanja la akazi awo lili pompo.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi, mosatsokomola, popanda utsi ndi pang'ono pomwe. Pemphero linaduka. Anthu amene kwa mwezi wathunthu ankatseka mawindo pothawa utsi wa galimotoyi anangoti kakasi. Don Nicanor sanayerekeze kuyang'ana kumanja kwawo, komwe kunali akazi awo.

Woyamba kupeza mawu anali Doña Pura, wamkulu wa komiti.

"Ayankha tisanamalize!" anakuwa. "Amayi ayankha tisanamalize n'komwe!"

Malipenga anaphulika. Amayi ena anagwada pa chisanu, ena ankagwira boneti n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Doña Hortensia ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, atakumbatira mkono wa amuna awo. Evaristo analuma chipewa chake n'kupita kuseri kwa tchalitchi, mapewa akugwedezeka.

Don Nicanor anapumira m'mwamba, n'kuika giya. Apo Padre Anselmo anaweramira pawindo ngati akudalitsa dalaivala, n'kulankhula motsitsa.

"Mapulagi atsopano, Don Nicanor? Achangu aja?"

Don Nicanor anachotsa giya.

"Bambo anga ndi makaniko," anatero wansembeyo, akumwetulira amayi akumbuyo. "Ine sindikonda kuulula za magalimoto a anthu omwe ndimawaona m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Misa imayamba naini koloko. Benchi yakutsogolo ili ndi malo."

"Akuti chiyani a Padre, viejo?" anafunsa Doña Hortensia, akupukuta m'maso.

"Akuti Lamulungu tidzapitira limodzi," anayankha Don Nicanor ndi mawu a munthu wopondedwa chala, n'kuyamba kuyendetsa pang'onopang'ono kuti chiboliboli chingagwe.