Baji ya Atcheyamani ku Fiyeta

Chipatala chomwe ndinkagwirako unamwino ku Salima chinalandira makina otsekera magazi ndi moto wa magetsi ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Dokotala akakhudza kamtsempha ndi kansonga kake, kautsi kankafuka, fungo ngati mukuwawula nkhuku. Ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti motowo usalakwe njira: kuika chitsulo chophwatalala pansi pa ntchafu ya wodwala, kudikira kuti sipiriti aume pakhungu, ndi kumuvula kachitsulo kalikonse. Mphete, ndolo, chibangili, zonse pambali, apo ayi munthu wodzera phazi ankatha kutuluka ndi bala lamoto pena.

Amayi a kunyanja sankavuta. Ankangoti, "Musanditayire, anamwino," basi.

Ndiye kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu, bambo oti akatulukira pamsika ngakhale ogulitsa usipa ankatsitsa mawu. Anali ataponda mbedza pamchenga, phazi n'kuchita chotupa. Zovala anavula bwinobwino, koma baji yachitsulo ija, ya nkhope yomwe inkapachikidwa muofesi iliyonse, anaichotsa pajekete n'kuibaya pagauni yathu, pachifuwa penipeni.

Dokotala ataiona anakumbukira mwadzidzidzi kuti sanasambe bwino m'manja. Bambo wobaya jakisoni wa pamsana anayamba kusirira denga. Ndinatsala ine. Masiku amenewo kuuza munthu kuti avule baji kunali kudziitanira galimoto ija yotenga anthu osawabweza, ndipo ine kunyumba ndinali ndi ana. Ndinachita mantha kwabasi. Koma nanga kuwatentha atcheyamani pachifuwa? Galimoto yake inali yomweyo.

Ndinagwada pambali pa bedi mwaulemu wonse.

"Bwana, ine sindinganene kuti muvule, ndine yani ine? Kungoti makinawa ngamwano, sadziwa wamkulu. Magetsi akadutsa pabajipo, nkhopeyo ida bii ngati kunsi kwa poto. Tsono akadzafunsa kuti anaitentha ndani, ife tidzangoti inali pachifuwa pa eni ake."

Za khungu lawo sindinatchule n'komwe, ndinkadziwa kuti akanalolera kupsa. Anaimasula msangamsanga mpaka phini inawabaya chala, n'kundipatsa ndi manja awiri. Dokotala anabwerako manja atayera zedi. Chotupa chinachoka, atcheyamani osapsa paliponse, ine ndikufa nazo nseko kuseri kwa kansalu ka pakamwa. M'mutu ndinali nditayamba kale kukonza momwe ndikaifotokozere kwa anzanga pa tiyi.

Ndikuwakankha kupita ku wodi, anandigwira pamkono mwamphamvu. Ndinati basi azindikira kuti ndawapusitsa. Koma anangondikokera pafupi.

"Mwana wanga," ananong'ona, "alipo ambiri akufuna mpando wangawu. Musakauze munthu kuti ndinavula. Chonde, nanenso ndili ndi ana."

Nseko zija zinandithera pomwepo. Ndinawamvera chisoni bambo aja, ndipo ndinayang'ana kaye uku ndi uku m'khondemo ndisanayankhe.