Nkhope Imene Analoza Mayi a Dokotala

Mmene imakwana sikisi koloko m'mawa, Mayi a Dokotala anali atatulutsa kale makina awo osokera m'chipinda chakutsogolo, ndipo ankapala dzimbiri limene miyendo ya makinawo inasiya pasimenti. M'chipindamo anasokeramo kuyambira atangokwatiwa kumene. Tsopano munkafunika kulowa makompyuta.

Dzinali analipeza mwana wawo wamkazi atamaliza maphunziro apamwamba a zamakompyuta. Anthu ena a mumsewuwo ankabwerabe kudzadandaula za msana, iwo n'kumawauza kuti dokotala wawoyo amachiza makina okha, ndipo ngakhale wailesi ya m'nyumba momwemo inamukanika.

Mwanayo anagwirizana ndi anzake awiri, mtolankhani ndi mwini situdiyo yojambulira, kuti ayambe kafukufuku. Ankafuna kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi zabodza, zija zimayenda m'mafoni zoonetsa munthu ali pamalo pamene sanapondepo. Ofesi analibe, n'chifukwa chake makina osokera anasamukira kukhitchini. Pankafunikanso zithunzi zenizeni zambiri, zakale, zimene eni ake angazichitire umboni. Atatuwo anakambirana m'mawa wonse za kumene angazipeze. Mayi a Dokotala anamva zonsezo akuthira tiyi, ndipo masana ake anavala nsapato n'kuyamba kugogoda m'makomo.

Munthu sapereka chithunzi cha ukwati wake kwa mlendo, koma kwa amene anamusokera diresi la ukwatiwo amapereka. Pakhomo lililonse ankayenera kukhala pansi kaye, kumva za amene ali pachithunzipo, amene anamwalira, amene anapita osabweranso. Akafika kunyumba ankapukuta chilichonse ndi kansalu kofewa, n'kuchikulunga m'chidutswa chotsala cha nsalu ya banja lomwelo kuti asazisokoneze. Ntchitoyi palibe anawatuma, ndipo pofotokozera alendo za kafukufukuyo ankatchulidwa anthu atatu okha.

Nawonso anachotsa chawo pakhoma. Chinali chithunzi chokhacho cha malemu amuna awo, makaniko wa mabasi, amene anamwalira mwanayo asanayambe sukulu. Mawu a bamboyo anali atayamba kale kuwathawa m'makutu, koma nkhope ankati ali nayo, ndipo ankaidalira.

Zithunzi zitakwana, mwanayo anafotokoza kuti asanayese kompyuta afuna ayese kaye maso a anthu. Pa chithunzi chenicheni chilichonse apanga zabodza zingapo zofanana nacho, mwini wake asankhe chake. Anapempha kuti ayambe ndi cha bambo ake. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti munthu amene anamuchapira maovololo a girisi zaka zonse zija sangamusowe ngakhale atabisala m'thumba la makala.

Anawakhazika pampando wawo womwe uja wosokera. Pakompyuta panabwera nkhope zondondozana, malaya omwewo, khoma lomwelo kumbuyo. Anavala magalasi, anayandikira, ndipo sanachedwe kuloza.

"Awa. Bambo ako ndi awa."

Mtolankhani anayang'ana pansi. Wasitudiyo anayamba kukonza waya womwe unali bwinobwino.

"Amayi," anatero mwanayo motsitsa mawu, "chimenecho ndapanga ine dzulo."

Chenicheni chinali chakumapeto. Bamboyo anaima chilili, milomo itamangika, maso ali tong'o ngati wamuimitsa wapolisi wapamsewu. Pa chimene iwo analozacho milomo inali itamasuka pang'ono, tsaya limodzi litakwera ngati wangomva nthabwala. Mwanayo anali atangouza kompyuta kuti ifewetse nkhopeyo.

Mayiwo anadzuka, akuti madzi awira. Mwanayo anawapeza kukhitchini ataima pafupi ndi makina awo, ketulo ili yozizira. Anapepesa, analonjeza kuti achifufuta chabodzacho, ndipo cha bambo ake achichotsa m'kafukufuku.

"Usachotse. Lemba kuti ndalephera, si ndiye ntchito yanuyo?" Mayiwo anapotapota ulusi pachala. "Koma tandiuza, mwanawe. Kumwetulira kuja ine ndakudziwa. Nanga ndi kwa bambo akodi, kapena ndakutola pamakina akowo lero lomwe lino?"

Mwanayo ankawadziwa bambo ake kudzera pachithunzi chowuma chija basi, ndiponso pa zimene amayi ake ankamuuza.

Chakudya chamasana chinafika patebulo monga mwa masiku onse. Wasitudiyo anayesa kuwatonthoza kuti anthu ambiri amauma thupi akaona kamera, mwina kompyuta yangobweza chimene kamera inathamangitsa. Mayiwo anamuthokoza, n'kumuwonjezera ndiwo, koma mawuwo sanawafike pamtima. Mnyamatayo malemuwo sanawaonepo.

Dzuwa litapendeka anakabweza zithunzi ziwiri zimene zinali zitajambulidwa kale, ndipo pobwerera anaima pageti la nyumba yoyandikana ndi yawo. Bambo a mapasa, amene anagwira ntchito galaja imodzi ndi malemuwo, ankasamba m'manja pampopi wapanja. Atawaona anayamba kuseka, akuti zithunzi zonse anapereka kale, chatsala n'cha pachiphaso, ndipo chimenecho ngakhale kompyuta ichita nacho mantha.

Mayi a Dokotala anamwetulira pang'ono, atagwira geti.

"Ayi alamu, lero sindinabwerere zithunzi. Mawa mukaweruka mudzadutse kwathu, tiyi adzakhalapo. Mudzandiuze mmene ankasekera mnzanu uja kugalaja, pakamwa pake pankatani, masaya ankatani. Kompyuta ndidzawauza ana azimitse. Mudzangonena mmene mukumukumbukira inuyo, ine ndizidzamvetsera."