Chingwe cha malume Birane

M'mawa uliwonse, anthu asanayambe kuthirira anyezi, malume anga a Birane Thiaw ankatsitsa chingwe m'chitsime cha m'mudzi mwathu. Kunsonga kwake anamangako kachitsulo kabowo. Kakangogunda madzi kankalira kuti pho, iwo n'kuwerenga mfundo za chingwecho, n'kulemba m'kope. Ntchitoyi anaiphunzira pa zaka makumi awiri zimene anayenda ndi akatswiri ofufuza madzi a pansi pa nthaka. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali kutali mumzinda wa Dakar. Chimene chinkabweretsa anthu pakhomo pawo ndi tiyi wamasana, timakapu titatu aliyense, patsinde pa mango.

Chaka chimenecho madzi anatsika mikono iwiri. Anthu anati akumwedwa ndi mjigo wa injini wa mudzi woyandikana nafe, ndipo anakasuma kwa akuluakulu a midzi iwiriyi kuti utsekedwe.

"A Birane, kope lanu lija lamwa inki mokwanira," anatero a Ndiaga, mnzawo wa paubwana amene sankaphonya tiyi uja. "Mukangonena kuti ndi mjigowo, basi mlandu tawina."

"Azimitse injiniyo masiku asanu kaye," malume anayankha. "Ngati ikumwa madzi athu, chitsime chikwera."

Anaizimitsa. Masiku onse asanu kachitsulo kankalira pa mfundo yomweyomweyo.

Tsiku la mlandu, pabwalo ndinakhala kumbuyo kwa amayi anga. Malume anafotokoza kuti pakati pa madzi athu ndi a mjigowo pali dongo lochindikala, madziwo sakumana. Kenako anawerama.

"Chitsime chimatsika timapampu tathu khumi ndi tiwiri tikamalira m'madimba," anatero.

"Eni mjigowo akupatsani nkhosa zingati, bwana katswiri?" wina anakuwa.

Anthu anaseka. A Ndiaga sanaseke, anangonyamuka n'kumapita.

Mjigo sunatsekedwe. Masana amenewo malume anayala mphasa, anawiritsa tiyi, n'kumamuthira uku ndi uku m'timakapu mpaka thovu linakwera. Palibe anabwera. Ndinadutsa kawiri ndi ndowa yanga, moni uli pakhosi, koma sindinapatuke. Kachitatu ndinaona akumwa okha, kakapu ka a Ndiaga kali kodzaza pambali.

M'mawa mwake malume anapita kuchitsime. Amayi otunga anawapatsa njira osawalonjera. Anatsitsa chingwe, anamvetsera, analemba. Kenako anakulunga chingwecho, n'kulunjika kudimba la a Ndiaga. Anakhala pansi pafupi ndi pampu ya mnzawoyo, imodzi mwa khumi ndi ziwiri zija, kope lili pamwendo, kudikira mwini wake kuti amuonetse zimene analemba.