Ndege ya pa Chiliza cha Bambo

Bambo anga sindiwadziwa. Anapita ku migodi ya ku Joni ine ndili kumsana, ndipo chimene chinabwerera kwathu ku Kasinje ndi chithunzi chimodzi basi. Anabwera nacho mnzawo amene anatchona zaka zambiri n'kudzatulukira ine ndili kumapeto kwa pulayimale. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kunena kuti bambo anafera pansi mgodi utagumuka, patangotha chaka chichokereni kuno. Achibale anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu, monga timachitira mtembo ukasowa, n'kukaliika kumanda. Amayi anameta, ndipo amuna onse amene anabwera kudzafunsira pambuyo pake anabwerera chimanjamanja.

Pachithunzipo bambo aima manja m'thumba, kumbuyo kwawo kuli chindege chotuwa. Kwathu kuno munthu wa ku migodi akajambulitsa pafupi ndi ndege, palibe amafunsa. Imeneyo ndi ndege ya ku Joni, yatha nkhani. Amayi ankailoza alendo akabwera: "Ndi iyi inawatenga."

Ine ndinabwerera kumudzi maso a amayi atayamba kuchita khungu. Ndinkati ndikhala mwezi umodzi. Makina anga osokera mpaka lero ali kwa mnzanga ku Lilongwe, mwina anachita dzimbiri. Mwana ndine ndekha, ndiye kumunda ndi ine, kuchipatala ndi ine, kuwagwira dzanja popita ku tchalitchi ndi ine. Ndimawakonda, koma masiku ena ndikamva minibasi ikuliza hutala kumsewu mtima umandiwawa.

Chaka chatha titakolola, amayi anati timange chiliza pamanda a bambo, ndipo pamwamba pake pajambulidwe ndege ija. Ndinapita ndi chithunzi kwa mmisiri wa ziliza ku Sharpevale. Anachiyandikiza kumaso, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, ichi chafufutika. Ndikajambula chonchi ituluka nsomba. Pezani china chooneka bwino cha ndege yomweyi."

Ndinachijambula ndi foni, n'kufufuza pa intaneti mpaka ndinagwera m'gulu la azibambo okalamba a m'mayiko akutali, amene ntchito yawo ndi kukangana za ndege za nkhondo za m'zithunzi zakale. Anthu osowa chochita! Munthu kutaya tsiku lonse kuwerenga mawindo a ndege imene inaphwasulidwa kalekale. Ndinaika chithunzicho, n'kulemba ndi Chingerezi changa cha ku sekondale kuti ndikufuna dzina la ndege imene inanyamula bambo anga kupita ku migodi.

Anachigwera ngati nkhuku pa chiswe. Woyamba anati ndi Dakota, ndege ya m'nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, yonyamula asilikali, ndipo anavomereza kuti nkhondo itatha ndege zotere zinkanyamuladi anthu a ku migodi. Ndinasangalala, ndikuti ntchito yatha. Koma wina anati ayi, taonani bwino. Anazunguliza ndi mzere wofiira mbali zitatu za chithunzicho. Injini zake zinali zoonda ndi zosongoka, osati zonenepa ngati za Dakota yakale. Fani yake yozungulira kutsogolo kwa injini inali ndi masamba ochulukirapo. Thupi lake kutsogolo kwa mapiko linali lotalika. Anati imeneyi ndi ya asilikali a ku Joni, imene anachita kuikonzanso, ndipo sinanyamulepo munthu wa ku mgodi. Anaonjeza kuti chingwe chimene chikuoneka kumbuyo kwa bambo ndi chotchingira anthu pa tsiku loonetsa ndege.

Kenaka anatchula zaka zimene ndege zotere zinayamba kukonzedwa chonchi. Ndinawerenga kawiri. Nthawi imeneyo ine ndinali nditayamba kale sukulu, ndikuyenda wopanda nsapato, anzanga akundinena kuti mwana wopanda bambo. Munthu amene ankati anafa ine ndikuyamwa anali ataima padzuwa, wavala jekete, akuonera ndege.

Ndinalimbana nawo azibambo aja. Ndinati mwina alakwitsa, chithunzi n'chakale, n'chofufutika. Anandiyankha mwaulemu, wina mpaka anapepesa, koma palibe anasintha mawu. Anthu amene amakangana pa chilichonse, pa ichi anagwirizana onse.

Ndinapsa mtima, koma wopsera mtima panalibe. Mnzawo wa bambo uja anamwalira kale, ndipo sindidzadziwa ngati anatumidwa bodzalo kapena anangotimvera chisoni. Ndikauza amalume, mawa lake mudzi wonse wamva, ndipo amayi amene anakana amuna chifukwa cha thunthu la nthochi asanduka choseketsa pachitsime. Ndikakhala chete, ndimanga chiliza cha munthu amene mwina pano akulera adzukulu ena.

Madzulo amenewo ndikutongola chimanga, amayi anafunsa.

"Iwe, azungu ako aja ayipeza?"

"Ayipeza, amayi. Akuti dzina lake Dakota."

"Dakota," anabwereza pang'onopang'ono. "Imeneyo. Bambo ako ankaitchula asanapite."

Ndinapempha azibambo aja chithunzi chooneka bwino cha Dakota yakale, ya injini zonenepa, yonga imene inkanyamula anthu a ku migodi. Ananditumizira zambirimbiri, osafunsa chifukwa. Ndinasankha chimodzi n'kupita nacho ku Sharpevale. Mmisiri anachiyerekeza ndi chakale chija, n'kundiyang'ana. Anajambula bwino ndithu.

Tsiku loonetsa chiliza kunabwera anthu ambiri, a mpingo anaimba, thobwa linatha. Anthu atayamba kubalalika, amayi anati ndiwafikitse pafupi. Anagwada, n'kuyendetsa zala pa simenti, kuchokera kumchira mpaka kumphuno kwa ndege ija.

"Ndikadzapita mudzandigoneke apa, pambali pawo," anatero. "Anthu ankandiuza kuti mwamuna wako watchona, wapeza wina. Ine ndinkadziwa. Akanakhala moyo akanabwera. Bambo ako sanali munthu wotaya anthu."

Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima, kudikira kuti ndivomereze.

"Inde, amayi," ndinatero, n'kuwagwira mkono kuti adzuke.