Mkamwana wa a Sentimita

Mukafika pa Bolero n'kufunsa za Vailet Chavula, anthu amayamba aseka kaye, kenako ndiye n'kukulozerani njira. Si kuti mayiyo ndi woseketsa pomuona, ayi ndithu. Ndi munthu wa phee, wamfupi, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Koma ndi iyeyo amene analemba mabuku atatu onena za a Sentimita, aja anthu amawerenga mpaka kugwira nthiti.

Kwawo ndi ku Ntchisi. Anafika ku Rumphi mu 1997, boma litamutumiza kudzatayipa makalata mu ofesi ina paboma. Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi mawu awiri a Chitumbuka, monire ndi yewo, ndiye kuti moni ndi zikomo. Ankati akhala zaka ziwiri zokha basi abwerere kwawo. Zaka ziwiri zake ziti! Anakumana ndi Lumbani Chavula, mphunzitsi wa kupulayimale wa ku Nkhamanga, ndipo za ku Ntchisi zinathera pomwepo.

Atangolowa m'banjamo, mlamu wake Temwa, mlongo wa Lumbani, anamukhazika pansi n'kumuuza mwambo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, satchula dzina la apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo. Akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Akakhala ndi mawu amatuma munthu. Mabanja ambiri anazisiya kalekale zimenezi, koma kwa a Chavula zinali zikadalipo. Komatu apongoziwo, a Laws Chavula, anali munthu wophunzira, mkulu wa mpingo, ndiponso mlangizi wa zaulimi wodziwika chigwa chonse.

Ndiye poti pakamwa anamutseka, Vailet ankangowaonerera patali, ndipo ankaona zambiri. A Laws ankavala chisoti cha khaki chopindika kutsogolo. Njinga yawo inali ndi pedulo imodzi yamtengo imene anasema okha. M'thumba simunkasowa chingwe chamfundo choyezera mizere. Akaona munda wa munthu, kaya akupita kutchalitchi kaya kumaliro, ankatsika, n'kutambasula chingwe chija, n'kupukusa mutu. "Sevente-faifi, mwana wanga, osati sevente-folo!" Pamene munda wawo iwo eni, abale inu, udzu mpaka m'chiuno, chimanga chake chochita kufunafuna. Zimene Vailet sanaone ndi maso ankamuuza ndi Temwa, amene pakamwa pake palibe chotsekera.

Nthawi ya nkhomaliro anzake akatuluka, Vailet ankatenga mapepala otha ntchito, n'kuwatembenuza, n'kumatayipa tinkhani ta mlangizi wina woyeza chilichonse, mizere, manda, ngakhale mtunda wa pakati pa mkwati ndi mkwatibwi. Anamutcha Sentimita. Kuti asadziwike, anamuika m'mudzi wa ku Ntchisi n'kumupatsa chimimba chachikulu, pomwe a Laws ndi owonda ngati mpini wa khasu. Buku loyamba analisindikiza ku Mzuzu mu 2015. Linkayenda m'manja m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Lachiwiri linatuluka, lachitatunso. Ngati alipo amene anazindikira kanthu, anangosekera mumtima.

Zinthu zinasokonekera ndi filimu. Kunabwera Jimmy Kalua wa ku Mzuzu, wojambula maukwati ndi makwaya, n'kupempha kuti buku loyamba alisandutse filimu. Vailet anavomera ndi manja awiri. Jimmy anasankha kujambulira ku Nkhamanga komweko poti minda yake ndi yooneka bwino. Tsiku lojambula, Vailet anali kuntchito, ndipo a Laws anali kuchipatala ku Khondowe kokachotsa ng'ala m'diso. Wosewera mbali ya a Sentimita analibe chisoti, analibe njinga. Temwa, ndi mtima wake wothandiza uja, anangothamangira kunyumba kwa bambo ake n'kutenga chisoti chenicheni, njinga yeniyeni ya pedulo yamtengo, ndi chingwe chomwe. Chimimba cha m'buku chija Jimmy anachiiwala, wosewerayo anali wowonda.

Filimu inayenda pafoni ndi pafoni kuposa moto wa m'chilimwe. Pasanathe sabata, ana a pa Bolero ankati akaona a Laws, "Sentimita! Sentimita!" Azibambo akuluakulu pa shedi ya fodya ankawapatsa moni mwaulemu, iwo akangodutsa n'kuyamba kutsokomola chifukwa cha kuseka. A Laws anangosiya kuvala chisoti chija, njinga n'kuipachika pakhonde, n'kumayenda wapansi, mutu uli pamtunda dzuwa likuswa. Zimenezi ndi zimene zinamulasa Vailet mumtima. Munthu amene anamulandira m'banja, amene ankatumiza thumba la mtedza chaka chilichonse kwa makolo ake ku Ntchisi, iye wamusandutsa choseketsa cha ana.

Kupepesa ankafuna, koma akanapepesa bwanji? Anatuma mwamuna wake. Lumbani anapita, anakhalako maola awiri, n'kubwera.

"Ati bwanji, abambo a Mtende?" anamufunsa Vailet.

"Akuti mvula ichedwa chaka chino."

"Za filimu?"

"Ndinayamba kunena, iwo n'kundifunsa ngati ndagula kale mbewu."

Anatuma Temwa, mwini kulakwa. Temwa anabwera ndi mawu awiri okha: "Akuti amva." Buku lachinayi, limene linali litafika tsamba 40, Vailet analitsekera m'sutikesi yakale ija. Miyezi itatu osalemba ngakhale mzere umodzi.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kwa Mayi Mabel Msiska, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina pafupi ndi Bolero. Ankapempha kuti Loweruka masana Vailet akacheze ndi owerenga mabuku ake. Vailet anavomera, koma ali ndi lake mumtima. Anaganiza zokalengeza pamaso pa onse kuti a Sentimita atha, sadzalembanso za iwo. Mwina mawuwo akanakawafika apongozi ake, poti njira ina panalibe.

Holo inadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Munali ana a sukulu, anamwino awiri, amayi a mvano, ndi alimi a fodya amene anabwera ndi mabuku ong'ambikang'ambika kuti mwini wake alembemo dzina. Mafunso anayamba.

"Amayi, nkhani zimenezi mumazitenga kuti?" anafunsa mtsikana wina wa Folomu 3.

"Pamzere wa kuchigayo," anatero Vailet. "Mukakhala chete pachigayo theka la ola, mwapeza mutu wathunthu wa buku."

Namwino wina anadandaula kuti filimu inasiya pamene a Sentimita anayeza bokosi la maliro n'kulibweza kwa kalipentala anthu akuimba kale nyimbo. Vailet anati Jimmy anayesa, koma palibe amene analola kugona m'bokosimo. Mlimi wina anaimirira n'kunena kuti mkazi wake anamuletsa kuwerenga bukulo pakudya, chifukwa tsiku lina anatsamwa ndi fupa la usipa. Anthu anaseka, Vailet nayenso anaseka, mpaka anaiwala pang'ono chimene anadzera.

Kenako mayi wina wa mvano anafunsa funso limene aliyense ankalidziwa yankho lake. "Tiuzeni zoona, Mayi Chavula. A Sentimita ndi munthu weniweni kapena ayi?"

Vailet anakweza maso, ndipo mtima unangoti phaa! Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunali a Laws ataima, atavala jekete lawo la kutchalitchi, Temwa ali pambali atanyamula dengu lovundikira ndi chitenje. Analowa nthawi yanji, iye sanaone. Anatsika msanga pampando uja anamupatsa n'kukhala pansi pasimenti, maso pansi. Mkamwana sakhala pampando apongozi ataima.

A Laws anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Sanayang'ane Vailet. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Temwa, muuze mkamwana wanga kuti filimu ndinaionera. Kanayi."

"Alamu, akuti anaionera kanayi," anatero Temwa, ngati kuti Vailet anali kutsidya la mtsinje.

"Umuuze kuti mabukunso ndawerenga onse atatu, diso litangopola. Ndipo ndili ndi madandaulo."

Vailet anati mumtima, basi, lero ndiye lero, andichititsa manyazi pamaso pa anthu monga ndinawachitira iwo.

"Loyamba," anatero a Laws, atakweza chala. "Mnyamata wa mufilimu uja akugwira chingwe ngati akukoka mbuzi. Chingwe chimakhala pansi, chokungika, mfundo pamwamba pa mzere. Ana aona zimene zija, mawa akalima zokhotakhota. Lachiwiri, bokosi lija sindinalibweze ine kwa kalipentala. Linali lalifupi zoona, koma amene analibweza ndi abusa. Ine ndinangoyeza."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika. Holo yonse inatsatira. A Laws anadikira, nkhope ili gwaa, mpaka phokoso litatha.

"Lachitatu ndi la munda wanga." Apa mawu awo anatsika. "Walemba kuti munda wa Sentimita ndi thengo. Ndi zoona. Koma sanalembe chifukwa chake. Mvula yoyamba ikagwa, aliyense amafuna mlangizi tsiku lomwelo. Ndinkadzuka m'mawa kupita m'minda ya anthu, midzi khumi ndi iwiri, pa njinga imene ija. Ndikamafika m'munda mwanga, udzu unali utandidikira kale. Mayi ake a Temwa anandikalipira zaka makumi atatu chifukwa cha zimenezi, mpaka anapita osandikhululukira bwinobwino."

Palibe anaseka. Mlimi wa fupa la usipa uja anati chapansipansi, "Kwathu ankabwera. Chaka cha njala chija ife tinakolola."

Vailet misozi inali itayamba kale kugwera pachitenje. Zaka zonsezi ankauona munda uja n'kumaseka, osadzifunsa n'komwe kuti mwini wake amakhala ali kuti. Anakoka Temwa chovala n'kunong'ona, "Alamu, auzeni adada kuti ndalakwa chomene. Auzeni kuti sindidzalembanso za..."

"Ndamva ndekha, makutu ndili nawo," anadula a Laws, akuyang'anabe kwa Temwa. "Umuuze kuti ndinakwiya, inde. Mwezi wathunthu ndinakwiya. Kenako ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti, mwanayu walemba zokhota chifukwa chiyani? Chifukwa zonse anazimvera kwa iwe, Temwa, ndipo iwe nkhani ukaigwira imatuluka ndi miyendo isanu. Akanandifunsa ine. Koma akanandifunsa bwanji? Mlandu ndi wanga. Ndinayenera kumumasula kalekale, mwana wake woyamba atabadwa. Ndinkangoti ndichita chaka chamawa, ndichita chaka chamawa, ndili m'minda ya eni."

Anatenga dengu lija m'manja mwa Temwa n'kuvundukula. Munali nkhuku yathadzi yofiira, yomanga miyendo. Achikulire amene anali muholomo anadziwa msanga, amayi a mvano n'kuyamba nthungululu. Kwa a Chavula, apongozi akapereka nkhuku m'manja mwa mkamwana, ndiye kuti kuyambira tsiku limenelo atha kulankhulana pamaso ndi pamaso.

A Laws anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kuika nkhuku ija m'manja mwa Vailet. Ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banjamo, anamuyang'ana n'kumutchula dzina.

"Vailet, mwana wanga."

Mayi wolemba mabuku atatu, amene ola lathunthu anali akuyankha mafunso osapunthwa, anakweza maso pang'onopang'ono. Anapeza kuti apongozi ake ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo ndi ofanana ndendende ndi a Mtende, mwana wake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, iye osadziwa.

"Yewo, adada," anatero, nkhuku ikupalapata pachifuwa.

"Yewo. Ubwere Lolemba ukaweruka kuntchito, ndipo utenge kope lalikulu. Zimene walembazo ndi zochepa. Sunamve za tsiku limene ndinayeza munda wolakwika kuyambira m'mawa mpaka masana, mwini wake akundithandiza kugwira chingwe."

"Ndibwera, adada."

"Ndipo uzindifunsa. Ukapanda kumvetsa, uzindifunsa ine."